Chingwe cha Mlamu

Amonke achikulire amene ankadutsa m'mawa uliwonse kulandira chakudya anafika polowera kanjira ka pakati pa nyumba, anakweza maso, kenako anaima. Lamduan anawaona ali kukupizira makala owotchera nkhuku pa benchi yake ya m'mbali mwa msewu. Pamwamba pa kanjirako panadutsa chingwe cha buluu chomwe dzulo lake kunalibe. Pachingwepo panalendewera masiketi, nsalu ya m'chiuno ndi tizovala tamkati tofiira psuu.

Lamduan anavula patapata msangamsanga, anatenga mpunga womata, nakagwada pamsewu kuuika m'mbale ya amonkewo. Luang Ta, monga onse ankawatchulira, anamudalitsa ndi mawu awo otsika aja, nafunsa ngati mayi ake adzuka bwino. Za chingwe sananene kanthu. Anapitirira ndi ulendo wawo, mapazi ali pansi.

Kuseri, pakhonde, Mayi Thongbai, mayi ake a Lamduan, anali atakhala kale pampando wawo, atasamba, atadzola ufa woyera kumaso, kadengu kampunga kali pamiyendo. Chigwereni n'kuthyoka m'chiuno sankatha kufika kumsewu, ndiye Luang Ta, yemwe paunyamata ankalima limodzi ndi malemu amuna awo, ankapatuka m'mawa uliwonse kudzalandira mpunga pakhondepo. Akapereka, mayiwo ankathira madzi patsinde la mtengo wa mango kuti zabwinozo zikafike kwa amuna awo. Tsiku lawo linkayambira pamenepo.

"Abwerera?" anafunsa motero.

"Ndapereka ine m'malo mwanu, Amayi."

"Abambo ako anakwatira iwe kodi? Amadziwa dzanja langa. Lero aswera ndi njala chifukwa cha kabudula wa mzungu."

"Tsitsani mawu, akumvani."

"Andimve! Mmonke angadutse pansi pa zovala za m'chiuno mwa mkazi? Ngakhale mwamuna wamba sangayerekeze."

"Ndisiyireni ine," anatero Lamduan. "Pofika mawa chingwecho kulibe, ndipo palibe amene achite manyazi."

Ankalankhula ndi mtima wonse, chifukwa pa zoterezi analidi katswiri. Mumsewu wawo wonse m'tauni ya Roi Et, anthu akayambana ankathamangira kwa iye. Ankadziwa kukonza nkhani ndi mbale ya papaya wosinja ndi nthabwala imodzi, wolakwa n'kusiya kulakwa osadziwa n'komwe kuti wadzudzulidwa. Mlamu mmodzi wochokera ku Sweden akanamukanika bwanji?

Mlamuyo dzina lake anali Birgit, mkazi wa Thawat, mlongo wake wamng'ono wa Lamduan. Thawat ankagwira ntchito kudoko, kutali, ndipo anasiya mkaziyo m'kanyumba ka kuseri. Kunena zoona, Birgit anali munthu wabwino. Ankayankhula chinenero chawo mokhotakhota koma molimba mtima, ankadya tsabola misozi ili chuchuchu osadandaula, ndipo madzulo alionse ankasisita miyendo ya apongozi ake. Mvula itayamba, anaona kuti kanjira kaja kali ndi denga, basi n'kumangapo chingwe chake.

Tsiku lomwelo Lamduan anapita kumsika nagula choyanikapo zovala chachitsulo, chachifupi, chofika m'mawondo.

"Mlamu, ndakugulira kamphatso. Kuno timakonda kuyanika pansipansi, zimauma bwino."

"Alamu, ndinu abwino bwanji!" anatero Birgit, namukumbatira mpaka nthiti kuwawa.

M'mawa mwake choyanikira chija chinali pakhomo, chitasenza miphika ya maluwa. Masiketi anali pamalo pawo, ndipo Luang Ta anaimanso pamsewu.

Lamduan sanataye mtima. Masana, Birgit atapita kukagula mkaka, anamasula chingwecho nachigwetsa pansi, n'kunamizira mphepo. Birgit anapukusa mutu, nati mphepo ya kuno ndi yamwano. Anabwereka hamala, anakhoma misomali ikuluikulu, namanga waya woti ngakhale njati singadule.

Wichian, mnansi wawo wonyamula anthu pa njinga yamoto, anaseka mpaka kutsamwa ndi fupa la nkhuku. Iyeyu ankayenda ndi zithumwa zodzaza khosi, ndipo chiyambireni nkhani ya chingwe ankazungulira kungalande akafuna kukasamba m'manja kuseri.

"Akatswiri agonja!" anatero. "Achemwali, mwapita kukachotsa chingwe, mwabwerako ndi waya. Mukayesanso atimangira mlatho."

"Idya nkhuku yako, iwe. Mwamuna wamkulu kuopa kansalu kosakwana n'chikhatho chomwe."

"Zithumwa izi zandipulumutsa ku malole, musazione chonchi. Ndizithe mphamvu ndi kabudula wa ku Ulaya? Muuzeni basi."

"Ndimuuze m'maso? Kuti zamkati zake zatsekereza amonke? Mwana wa eni adzayenda bwanji mumsewu muno?"

Anaimbira foni Thawat, koma uyo anangobuula. "Achemwali, chonde musamukhumudwitse. Ali yekha kumeneko. Ndikabwera ndidzaona." Lamduan anadula foni. Mlongo wakeyo chibadwire sanaonepo kanthu.

Masiku anapita. Mayi Thongbai ankadzukabe, kusamba, kudzola ufa, n'kukhala ndi kadengu kawo mpaka mpunga kuzizira. Anasiya kukalipa, ndipo zimenezi n'zimene zinamuopsa Lamduan. Mayi ake akakhala chete ndiye kuti zafika pamtima. Chakudya ankangochitosa. Birgit ankabwerabe madzulo kudzawasisita, iwo n'kumamwetulira, iye n'kumapita akuimba.

Ndiye m'mawa wina Birgit anadzuka molawirira, naona Luang Ta ataima polowera kanjira akuyang'ana m'mwamba. Nzeru zinamubwerera, koma zinabwera chozondoka. Anaganiza kuti zovalazo zatsika kwambiri, zikuwatchinga kumaso. Anathamanga, anatola nsungwi, nakankhira wayayo m'mwamba, masiketi ndi tofiira tija n'kumakupiza ngati mbendera.

"Dutsani, Abambo! Ndakutsegulirani!" anafuula mosangalala, dzanja linalo akulitambasula kuti awagwire mkono.

Luang Ta, amene mkazi sayenera kukhudza ngakhale mkanjo wawo, anabwerera m'mbuyo mofulumira mpaka kuponda m'chithaphwi. Msewu wonse unaona. Kenako wina anaseka, ena n'kutsatira, kuseka kuja kwa anthu ofuna kukwirira manyazi. Birgit naye anaseka, poganiza kuti zayenda bwino. Amonke anamwetulira pang'ono, nachoka matope ali m'miyendo.

Mayi Thongbai anaona zonse kuchokera pakhonde. Lamduan atafika anapeza kadengu kali pansi, nkhuku zikujompha mpunga.

"Mawa ndi tsiku limene abambo ako anatisiya," anatero mayiwo mosakweza mawu. "Ndidzakwawa mpaka kumsewu. Chiuno chikathyokanso chithyoke."

Lamduan anawayang'ana ndipo anadziwa kuti sakunena zocheza. Anamva chisoni, komanso manyazi, chifukwa ukatswiri wake wonse unali utangotalikitsa njala ya mayi ake. Anazimitsa makala, anauza Wichian kuti lero kulibe nkhuku, anasenda mango, nalunjika ku kanyumba ka kuseri.

Atafika anayamba ndi nkhani ya mvula. Anakamba za mitengo ya tsabola kumsika. Anayamikira maluwa a pa choyanikira chija.

"Alamu," anatero Birgit, "simunabwere kudzakamba za maluwa. Bwanji amonke aja anathawa?"

Lamduan anayang'ana mbale ya mango, nanena zonse. Ananena kuti mutu ndi wolemekezeka, kuti chovala cha m'chiuno mwa mkazi sichikwera pamwamba pa mutu wa mwamuna, makamaka mmonke. Ananena za mpunga wozizira, za madzi a patsinde la mango, ndi za mawa.

Nkhope ya Birgit inafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu.

"Chiyambire liti?"

"Chimangire chingwe chija."

"Ndipo nonse mumadziwa? Amayi? Wichian? Thawat?"

"Msewu wonse, mlamu."

"Koma mumandimwetulira! Amayi ndimawasisita tsiku lililonse, amandimwetulira!" Misozi inayamba kugwa, koma inali ya mkwiyo. "Choyanikira chija sichinali mphatso eti? Ndi mphepo ija munali inu? Mwandisiya ndizivutitsa mayi wodwala, ine ndikuyenda ngati chitsiru."

"Timakusungira ulemu."

"Ulemu wanji? Kwathu munthu akakukonda amakuuza pomwepo."

"Kuno munthu akakuuza zotere m'maso ndiye kuti wakutaya."

Birgit anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye lero mwanditaya?"

"Ayi, iwe. Lero ndikuyesa za kwanu," anatero Lamduan. "Koma zikupweteka pakhosi bwanji! Mumatha bwanji tsiku ndi tsiku?"

Birgit anaseka misozi ili m'maso, ndipo Lamduan anapumira m'mwamba. Birgit sanadikirenso. Anatenga pulayazi, anakwera pampando, nadula wayayo mbali zonse ziwiri, misomali n'kuizula. Atatsika anati akupita kukachisi kukapepesa pamaso pa amonke onse, afotokoze bwinobwino mmene zinakhalira.

"Khala pansi," anatero Lamduan, ukatswiri utabwerera. "Ukakafotokoza uwachititsanso manyazi kachiwiri. Za kwanu zakwana lero. Zotsalazi tichita za kuno. Unyike mpunga madzulo ano, mawa uphike wekha."

"Nanga akapanda kubwera?"

"Abwera," anayankha Lamduan, ngakhale kuti mumtima sanali wotsimikiza.

Kutacha, onse atatu anali pakhonde. Birgit anavala nsalu yaitali ndi malaya ophimba mapewa, atagwada pamkeka pafupi ndi mpando wa apongozi ake. Mayi Thongbai sanamuyang'ane. Anangotsegula kadengu, ananunkhiza mpunga, nati wafewa mopitirira koma ungadyeke.

Mkanjo wachikasu unaoneka kumsewu. Luang Ta anafika polowera kanjira, anaima monga mwa masiku onse aja, nakweza maso. Anayang'ana khoma ili, anayang'ana linalo. Kenako amonke aja anapatuka, nayamba kubwera pang'onopang'ono, Wichian akusuzumira kumbuyo kwawo.

Mayi Thongbai anatapa mpunga. Asanaufikitse m'mbale anaima.

"Iwe, gwira chigongono changa," anatero osatembenuka.

Birgit anayang'ana Lamduan, atasokonezeka.

"Gwira," ananong'oneza Lamduan. "Ukagwira mkono wa wopereka, ndiye kuti mwapereka nonse."

Birgit anagwira chigongonocho ndi zala ziwiri, mwamantha, ndipo mpunga unalowa m'mbale. Luang Ta anawadalitsa nthawi yaitali kuposa masiku onse. Pochoka anangoti, "Kunja kwayera lero," napita.

Lamduan anabweretsa kapu ya madzi. Anawagwira mayi ake kukhwapa kuti aweramire patsinde la mango, madziwo n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kulowa m'dothi.

"Idyani, bambo a Lamduan," anatero Mayi Thongbai, akulankhula ndi nthaka ngati mmene ankalankhulira ndi amuna awo ali moyo. "Pepani mwadikira. Amene anakuchedwetserani chakudya ndi uyu ali apayu, mkazi wa Thawat. Waphikanso ndi yemweyu. Mumudziwe, ndi mwana wathu."