Hellen Analekezera pa 97

A Chikoti, mphunzitsi wa masamu, analemba 10,403 pabolodi n'kupukutira choko pathalauza. Ezeliya sanaiyang'ane kwenikweni nambalayo. Maso ake anali padesiki yakutsogolo, pomwe Lyton ankasongolera pensulo Hellen, mtsikana amene anabwera teremu yomweyo kuchokera ku Namitete. Chiyambire Fomu 1, Lyton ankachita masamu ndi Ezeliya. Tsopano ankangomupatsa moni wa panjira.

"Lyton tamusankha kale kupita ku mpikisano wa ku Lilongwe," anatero a Chikoti. "Tikufuna woti apite naye. Mundiuze mawa ngati nambala iyi imagawika, kapena ndi pulayimu, yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe."

Masana amenewo amayi ake a Ezeliya anamutuma kulondera mtedza umene anayanika pabwalo. Ankaingitsa nkhuku ndi mwendo, kwinaku akugawa nambala ija padothi ndi kamtengo. 7 anakana, 13 anakana, mpaka 97 anakananso. Atayesa 101, analowa ndendende, ka 103. Anafufuta ndi phazi, ngati nkhukuzo zikanakaulula.

M'mawa Hellen anamupeza pamjigo wa pasukulu.

"Aise, ndayesa mapulayimu onse mpaka 97, palibe walowa. Kupitirira 100 n'kungodzivutitsa, eti?"

Bolopeni imene Hellen anasomeka m'tsitsi inali ya Lyton, yotafunidwa kuchivindikiro. Ezeliya anaiyang'ana.

"N'kudzivutitsa," anatero, akusamba m'manja moyera kale.

M'kalasi Hellen ndiye anayamba kukweza mkono. "Ndi pulayimu, sala."

"Alipo wotsutsa?"

Ezeliya anaimirira. "Imagawika. 101 kuchulukitsa ndi 103."

"Kweza mawu, mwanawe, sitili pamaliro."

Kalasi inaseka. Atabwereza, a Chikoti anachulukitsa pabolodi, ndipo anthu anaomba m'manja. Hellen anangocheuka kamodzi, n'kuyang'ananso kutsogolo.

Poweruka, Ezeliya anadikira pamene anyamata ankatsamiritsa njinga. Mawu anali atawakonza kale, komabe anatuluka mozimiririka.

"Tiyamba liti kukonzekera, Lyton? Kwathu amayi sangakanize."

"Wakhoza, iwe." Lyton anawerama, akusinya tayala ndi chala. "Hellen akuti anakufunsa pamjigo."

Ezeliya anayang'ana pansi.

"Ineyo ndikanamuuza zomwezo, poti nanenso ndinalekezera pa 97," anatero Lyton. "Koma iweyo unkadziwa." Anaongola handulo. "Tidzakumana pa minibasi ya ku Lilongwe."

Anakankha njinga kupita pageti, pomwe Hellen anaima atafungatira chikwama. Analankhula naye pang'ono, mtsikanayo n'kupukuta m'maso, kenako n'kukhala pakaliyala cham'mbali.

Ezeliya anawayang'ana akutsika msewu wa ku Kabudula, akucheperachepera pakati pa zigafa za fodya. Fumbi limene njinga inadzutsa linabwera pang'onopang'ono, n'kudzatera pansapato zake.