Wotchi ya pa Uvuni wa Amayi Keziah

"Amayi, uvuni umafuniranji wotchi?" anafunsa Thokozire tsiku limene uvuni wamagetsi unafika kwawo ku Kawale. Amayi ake, Amayi Keziah, anangoseka.

Patapita zaka ziwiri, Lachisanu lina m'mawa, uvuniwo unakana kutentha. Nyale ya m'kati inkayaka, koma pa kagalasi koonetsa kutentha pankangophethira 12:00. Ufa wa keke ya chinkhoswe cha mawa lake unali wokandakanda m'beseni. Amuna awo, Bambo Gilford, anali kuntchito ku Mchinji.

Amayi Keziah anapita kumpopi n'kukalengeza kuti Amayi Zipora, a nyumba yoyandikana nayo, amene anaphikamo masikono dzulo lake, awononga uvuni.

Amayi Zipora atamva, analowa m'khitchinimo opanda ndi odi yemwe.

"Mwati ndawononga ine? Zaka zonsezi ndikukusungirani makiyi a nyumba, lero mukanditchule kumpopi?"

"Womaliza kuugwira ndinu, amake Pemphani."

"Ndiye khomo langa simulidziwa? Kumpopi ndiye kufupi?"

Amayi Zipora anagwada, n'kupotokola batani la kutentha mpaka 180. Uvuni uli zii. Anazimitsa pakhoma, n'kuyatsanso. 12:00 yemwe uja.

"Magetsi anazima liti?"

"Dzulo, inu mutangochoka."

"Nanga masiku onsewa akazima mumatani?"

"Sinditani. Abambo ake a Thokozire amangodutsa pano, uvuni n'kumagwira ntchito."

Amayi Zipora anavundukula kansalu koluka kamene mwini nyumba ankaphimbira mabatani a kumanja kuopa fumbi. Pansi pake panali kabatani ka chithunzi cha wotchi. Anakadina, anayang'ana nthawi pafoni, n'kulowetsa 9:40. M'kati munalira kuti tha, fani inayamba kuzungulira, manambala n'kumakwera: 40, 55, 70.

"Uvuni wanuwu magetsi akazima suyaka mpaka muukonzere nthawi. Amuna anu amachita zimenezi, inu muli kalikiliki kuwuveka nsalu."

Amayi Keziah anakumbukira funso la mwana wawo lija. Anayang'ana pansi.

"Pepani, amake Pemphani."

"Pepani wa m'khitchini sindikumufuna. Dzina langa mwalisiya kumpopi."

"Keke ikangotuluka ndipita komweko. Ndikanena pamaso pa onse kuti ndakunamizirani."

"Mokweza ngati mmene munanenera m'mawa?"

"Mokweza chomwecho."

Amayi Zipora anapukuta manja pachitenje.

"Mukatero, masana ndibwera ndi mpeni wanga wosalazira, tidzapake kekeyo limodzi."