Kainjini Koyendera Tiyi

Mapulani aja anawapeza ndi Cheryl yemweyo. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa mwini wakeyo anaziiwala msanga, ndipo tsiku limene zinafunika kukumbukiridwa palibe anamukumbutsa.

Apongozi ake, Ba Mulubwa, anali fitala, wokonza makina, kumgodi ku Mufulira mpaka pamene anapuma ntchito. Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo Spencer, mwamuna wa Cheryl, anawatenga kuti adzakhale naye ku Chelstone, m'kanyumba ka kuseri kaja amamangira antchito. Chipinda chimodzi ankagonamo. Chinacho anaikamo benchi, vaisi, matupa ndi bokosi la zitsulo lomwe anachoka nalo kumgodi. Munthu woti wagwira chitsulo moyo wake wonse sungamukhazike pa sofa kuti azionera TV. Anakonza geti, anakonza pampu ya madzi, anakonza ngakhale ayironi ya aneba yomwe eni ake anali atataya kale. Zokonza zitatha, mkuluyo anayamba kuzungulirazungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali kainjini. Ali mnyamata anakaona pa tebulo la injiniya wina kumgodi, kokwana m'manja, kopanda petulo, kopanda batire, koma ukakakhazika pa kapu ya tiyi wotentha kagudumu kake kankazungulira. Anakasirira zaka zonsezo. Tsopano nthawi inalipo, manja analipo, osowa anali mapulani. Anakwera minibasi kulowa m'tauni, nafunsa m'masitolo a mabuku mu Cairo Road, nafunsanso anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ena ankawaonetsa mabuku ophunzirira kuyendetsa galimoto, ena ankangowaseka.

Amene anawamvera chisoni anali Cheryl. Nthawi imeneyo anali woyembekezera, mtima uli m'malo, akukonda aliyense. Anafufuza pa kompyuta ya ku ofesi kwake, n'kusindikiza mapepala angapo, madzulo n'kuwapatsa atagwada bwinobwino.

"Ba Daddy, ni aya mapulani yamene munali kusakila. Koma vonse balemba mu Chijeremani."

"Manambala yalibe mutundu, mayo," anatero mkuluyo, akuwagwira mapepalawo m'mphepete kuopa kuwadetsa.

Ntchitoyo inawatengera miyezi. Mbale ziwiri zopyapyala anazidula pa zivindikiro za mapoto akale zomwe anagula kumsika wa Soweto. Kapisitoni anakapala ndi tupa, kuyesa, kupalanso, kutaya, kuyambiranso. Munthu wofotokozera analibe kupatula Cheryl, choncho mtsikanayo akamatsuka ziwiya panja mkuluyo ankaimirira pambali pake n'kumamuphunzitsa. Mpweya wotsekeredwa pakati pa mbale ziwirizo ukatenthedwa kunsi umafufuma, umakankha pisitoni, pisitoni n'kuzunguza gudumu. Chofunika n'kudikira mbale ya pansi itenthe, kenaka kuligunda gudumulo pang'ono ndi chala. Cheryl anazimva zimenezi mpaka kutopa nazo. Ankazidziwa ngati nambala ya foni yake.

Kenaka chaka chinaipa. Ntchito ya Spencer inatha, bungwe lawo litatseka. Asanapume n'komwe, Cheryl anapita padera, mimba itakula kale, zovala za mwana atagula. Sindikupeputsa zimenezo ayi. Mtsikanayo analira mpaka kuwonda, ndipo kuchipatala anangomuuza kuti zimachitika. Mawu amenewo sakhutitsa munthu wosweka mtima. Iye ankafuna dzina la amene anachita.

Mayi ake, Ba Peggy, anabwera kuchokera ku Kabwata kudzamusamalira, n'kumagona pa matiresi pabalaza. Tsiku lina akuyanika zovala kuseri anasuzumira m'kanyumba ka Ba Mulubwa. Anaona zipinda ziwiri, bafa lakelake, simenti yosang'ambika, ndipo anakayeza ndi maso mpaka poika bedi. Anaonanso mapepala okhomedwa kukhoma, odzaza mizere, timivi ndi zilembo zosawerengeka. Sabata yomweyo anamutengera mwana wawo kwa Mneneri Chiti, mkulu wa suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka, yemwe mpingo wake unkasonkhana m'tenti. Mneneriyo anatsinzina nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati pakhomopo pali munthu wokalamba amene amadzitsekera yekha ndi zitsulo. Anali atauzidwa kale ndi Ba Peggy pa foni, koma Cheryl anazitenga ngati zatsika kumwamba.

Loweruka lina m'nyengo yozizira Ba Mulubwa anamanga kasikuluwu komaliza. Sanakayese kainjiniko. Ankafuna kuti kakamazungulira koyamba Spencer akhalepo, chifukwa mwanayo anali atasiya kuseka m'nyumba muja, ndipo bambo ake ankakhulupirira kuti ichi chimusangalatsa monga ankasangalalira ndi galimoto zamawaya ali mwana. Anapita kukhitchini kukapempha kapu ya tiyi wotentha. Cheryl anawauza kuti adikire masana, kukubwera alendo a kutchalitchi amene amva za kainjiniko ndipo akufuna kukaona.

Mkuluyo anasamba, anameta ndevu, anavala tayi. Ndikakumbukira tayi ameneyo mtima umandiwawa.

Analowa pabalaza atanyamula kainjini m'manja onse awiri, mapulani atawapana m'khwapa. Anapeza Mneneri Chiti atakhala pa mpando waukulu, madikoni awiri pambali, azimayi atatu a pemphero, Ba Peggy, ndi Spencer ali pakona akuyang'ana kapeti. Anapereka moni mwaulemu. Anayankha ndi mmodzi yekha, nayenso chapansipansi. Mneneri anapempha mapepalawo, nawatembenuza chadodolido, nawatembenuzanso, n'kufunsa kuti chilankhulo chimenechi n'cha dziko liti. Atamva kuti n'Chijeremani anafunsa ngati mkuluyo anapitako ku Jeremani. Ayi. Nanga amachiwerenga? Ayi. Nanga munthu amamanga bwanji chinthu kuchokera m'mawu amene satha kuwerenga, ngati palibe womunong'oneza?

Apa m'pamene Ba Mulubwa anazindikira kuti sanaitanidwe kudzaonetsa luso. Anatembenukira kwa mpongozi wawo, yemwe anali atagwada pafupi ndi tebulo akuthira tiyi.

"Mayo, bauzeni. Si ndimwe munanileteleko aya mapepala?"

"Ine siniyaziba," anatero Cheryl osadzutsa mutu.

Mkuluyo anayang'ana Spencer. Spencer anaphunzira sayansi mpaka ku yunivesite, ndi ndalama za manja omwewa. Ankadziwa bwino lomwe kuti mpweya ukatentha umafufuma. Koma lendi ya nyumbayo tsopano ankalipira ndi mkazi wake, ndipo mwana wotayika uja anali wakenso. Anapitiriza kuwerenga maluwa a pa kapeti.

Mneneri anati nkhani ndi yosavuta. Ngati chinthucho chili chitsulo chabe, chikhala phee pamaso pa Mulungu. Ngati muli china m'kati mwake, pemphero lichitulutsa poyera. Analamula kuti achiike pa tebulo, aliyense atsinzine. Tebulo linali lodzaza makapu, shuga ndi mbale ya masikono. Cheryl anakalandira kainjiniko m'manja mwa apongozi ake, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wosowa poika, kenaka anakakhazika pamwamba pa kapu ya mneneri yomwe inali ikufuka nthunzi.

Pemphero linali lalitali, monga amapempherera anthu amenewa, moti mbale ya pansi inatentha bwinobwino. Atayandikira ameni, Cheryl anatambasula dzanja kutenga shuga, chala chake n'kukhudza kagudumu.

Kanagwedezeka, kanabwerera m'mbuyo pang'ono, kenaka kanapita. Tiki, tiki, tiki. Kanazungulira mosalala, osatsimphina, kapisitoni kakukwera ndi kutsika ngati kakupuma. Azimayi aja anakuwa. Dikoni mmodzi anadumphira kuseri kwa sofa, mnzake anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

Ndipo Ba Mulubwa anaseka. Sanathe kudzigwira. Zaka zonse zija, miyezi yonse ya tupa ija, ndiye kanthuko kakuyenda ulendo woyamba womwewo, popanda kukonzanso kalikonse. Anaiwala mneneri, anaiwala mlandu, anaomba m'manja maso ali ndi misozi.

"Spencer, ona mwana wanga, chayenda. Kulibe na leak olo imozi. Nikachikonza bwino chingayende na kupya kwa pa kwanja chabe."

Kainjiniko kanapitiriza tiki tiki wake uja. Mneneri anaimirira pang'onopang'ono. Anabwereza mawuwo kuti aliyense amve, kuti chinthuchi chimayenda ndi kutentha kwa thupi la munthu, ndipo wanena ndi mwini wake. Mkuluyo anayesa kufotokoza za mpweya, za mbale ya pansi ndi ya pamwamba, koma mawu ake anamira m'malilime a azimayi aja. Mneneri analoza mimba ya Cheryl.

"Manje tiuzeni, batata. Kupya kwa uja mwana kunayenda kuti?"

Cheryl analira kulira kwenikweni, kochokera pansi pa mtima. Chimenecho ndiye chimandiopsa pa mtsikana ameneyu. Anakonza zonse ndi chala chake, koma pofika apa anali atazikhulupirira.

Zotsatira zake zinayenda mwachangu. Mneneri anati chifundo chilipo kwa wolapa. Mkuluyo akachiphwanya yekha chinthucho, ndi hamala yake, akhoza kukhalabe pakhomopo. Ba Mulubwa anafunsa mwana wawo ngati nayenso akufuna zimenezo. Spencer anayankha kuti angochita kuti nkhani ithe. Anatuluka onse kupita kuseri. Mkuluyo anakaika kainjiniko pa simenti, gudumu likadali lofunda, anagwada ndi tayi wawo uja, n'kumenya. Sanaphonye ngakhale kamodzi, poti anali fitala. Mapulani anawatenthera pa mbaula.

Phulusa lisanazizire, mneneri anauza anthuwo kuti aona okha. Munthu wosalakwa sangaphwanye ntchito ya manja ake. Kuphwanyako ndiye kuvomera, ndipo mfiti yovomera siyenera kugona mpanda umodzi ndi mkazi wofuna kubereka. Ba Peggy anati ameni mokweza kuposa onse.

Pofika Lamlungu kanema uja anali atazungulira mafoni a mu Chelstone monse, nkhalamba ya tayi ikuseka ndi kuomba m'manja pamene azimayi akukuwa. Aneba omwe anawakonzera ayironi aja anaitaya kachiwiri. Kanemayo anafika mpaka kwa abale ku Luapula, kumudzi komwe mkuluyo anachokako ali mnyamata ndipo kunalibe nyumba yawo, komwenso munthu wokalamba wobwera ndi mbiri yotere sagona tulo. Spencer ankazidziwa zimenezi pamene ankagula tikiti.

Anawaperekeza kokwerera mabasi ku Intercity m'mawa kukuzizira. Anyamata oitanira mabasi anawalanda chikwama, kukokerana, mpaka Spencer anachita kuwakalipira. Bokosi la zitsulo linatsala ku Chelstone, chifukwa mneneri anati liyenera kupemphereredwa kaye, ndipo dikoni wina anali atayamba kale kufunsa za vaisi. Bambo ndi mwana anaima pakhomo la basi. Mkuluyo sanadandaule, sanatukwane. Anangofunsa chinthu chimodzi.

"Koma unachiona mwamene chinayendela, ai? Sichinagwedezeke."

"Ninaona, ba Daddy."

"Iwe unaphunzila. Uziba chamene chinachiyendesa."

Spencer anayang'ana kumbali, kwa mayi wogulitsa mazira owiritsa, n'kunena kuti basi inyamuka, akwere. Ba Mulubwa anagwedeza mutu. Kenaka anatambasula dzanja lawo lamanja kuti atsanzikane, dzanja lokhakhala lija, la zipsera za tupa, lomwe linamugwira Spencer tsiku loyamba kupita kusukulu.

Spencer analiyang'ana dzanjalo. Ankadziwa kuti ndi dzanja chabe. Komabe anabwerera m'mbuyo pang'ono, manja ake onse awiri n'kuwalowetsa m'matumba a jekete.

Mkuluyo anakhala choncho kanthawi, dzanja lili m'malere, mpaka kondakitala anawauza kuti akutsekereza anthu.