Mzere wa Lazaro

Elube anasanzanso. Mkaka wonse umene mayi Manesi anali atangomuthira unabwerera, wina kukamwa wina m'mphuno, n'kunyowetsa mphasa imene anamugonekapo chagada.

"Mutembenuzeni, atsamwa!" Faines anakuwa kuchokera pakona pamene anamukhazika monga namfedwa. Anakwawa msangamsanga, kumugoneka mwanayo chammbali ndi kumupukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje. Milomo ya Elube inali youma gwa, ndipo thewera limene anamuveka usiku linali lisananyowe n'komwe.

Linali tsiku lachiwiri chiikire m'manda Lazaro, mwamuna wa Faines. Chibayo cha mphepo ya Juni chinamutenga m'masiku atatu okha, osamupatsa mpata wotsanzika kapena wolangiza munthu. Ndipo chinatenga munthu yekhayo amene ankadziwa kudyetsa Elube.

Mwana wawoyu, wa zaka zitatu, malungo anamugwira m'mutu chaka chapitacho, chaka chomwe anthu anavotera zipani zambiri. Anachira, koma kumeza kunamuthawa. Ku chipatala cha ku Mtengowanthenga anamulowetsa kapaipi m'mphuno kofika m'mimba, kuti mkaka ndi phala losefa zizidzera mmenemo. Faines atakaona kapaipiko anaopa kukagwira, ndiye Sisitere wa pachipatalapo anaphunzitsa Lazaro. Atabwerera kwawo kumapiri a Ntchisi, awiriwo anasinthana ntchito: mkazi anatenga khasu, mwamuna anatenga mwana. Mudzi wonse unaseka mpaka nthiti kuwawa. Mkamwini wanji wokhala pakhonde dzuwa lili phwee, mwana pachifuwa, anzake ali kumunda?

"Ndanena kale ine," anatero mayi Manesi, amene anali mayi aakulu a Faines. Anaponya sirinji yothirira mkaka m'beseni. "Chingwe ichi n'chimene chikumusanzitsa. Tichizule. Ana asanu ndi awiri ndalera ine, onse phala la pachikhatho. Ukamutsina mphuno mwana amameza, afune asafune."

"Mayi, uyu sameza. Phalalo lidzapita kumapapo."

"Anakuuza ndani? Mwini wake wa chingwechi wapita. Kapena ukufuna amutenge mwanayu apite naye?"

Amayi awiri amene anakhala pakhomo anaweramitsa mitu. Nkhani imeneyo inali itayamba kale kuyenda pa siwa, yoti malemu ankamukonda mwanayu mopitirira ndipo akumuitana.

Faines anayang'ana pulasitala wa patsaya la Elube. Kachizindikiro kakuda ka pakapaipi kanali pomwe kamakhala nthawi zonse, pakhomo pa mphuno. Chimenecho chokha ankachidziwa: kakasuntha, osathira kanthu. Sikanasunthe. Mkaka unali womwewo, muyeso womwewo. Nanga bambo a Elube ankachita chiyani chimene iwo sankachita? Anadzida yekha. Chaka chathunthu m'nyumba imodzi, iye n'kumangodutsa ndi khasu paphewa, maso kumbali chifukwa cha mantha.

"Ndipita naye ku Mtengowanthenga," anatero.

"Usanamete? Namfedwa kuyenda pamsewu ndi tsitsi la maliro? Kumeta ndi mawa, ukhala pansi." Mayi Manesi anapukuta manja. "Ndikukapakula phala. Ndikabwera chingwecho chichoke, ine sindiika maliro awiri sabata imodzi."

Sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zinkaopsa kwambiri. Ankamukonda Elube, ndipo akanamupha ndi chikondi chomwecho.

Panja kunamveka kukhuluka kwa mpira womangira katundu. Faines anasuzumira. Benjamini, mkulu wake wa Lazaro, amene anabwera kuchokera kwawo ku Dowa, anali kumanga katundu wa malemu pa njinga ya malemu yemweyo: jekete, nkhwangwa, wailesi yopanda mabatire. Pamwamba penipeni anaikapo mpando, miyendo ili m'mwamba.

Unali mpando wonyansa. Lazaro anaucheka miyendo yakumbuyo kuti uzipendekera chagada, ndipo pambali pake anakhomapo msomali wokhota umene unang'amba zitenje za anthu osawerengeka. Tsiku la maliro anthu anauchotsa pakhonde n'kuuponya kuseri kwa nkhokwe kuti alendo asauone.

Faines anauyang'ana msomali uja. Anakumbukira sirinji ili lende pamsomalipo, m'munsi, kungopitirira pang'ono mutu wa mwana, mkaka ukutsika ngati sukufuna. Mayi Manesi ankaikweza m'mwamba ataimirira, mkaka n'kutha munthu asanamalize kupereka moni.

Ananyamula Elube n'kutuluka.

"Iwe Faines, ukupita kuti?" amayi a pakhomo anadzidzimuka.

"Alamu," anatero Faines ataima pamaso pa Benjamini. "Mpandowo tsitsani."

Benjamini sanasiye kukoka mpira. "Mlamu, tinagwirizana dzulo. Nyumba ndi munda n'zanu, ife sitikukhudza. Koma za m'manja mwa mng'ono wanga zipite kwawo, amayi akaone kuti mwana wawo anali ndi kanthu."

"Wailesi tengani. Jekete tengani. Mpando ndi wa Elube."

"Wa Elube?" Benjamini anaseka mowawa. "Mpando umenewu ndi umene unamusandutsa choseketsa mng'ono wanga. Munamukhazika apa ngati nkhuku yofungatira mazira, inu muli kumunda. Ine ndikauwotcha, n'chifukwa chake ndautenga."

"Mukauwotcha mawa. Lero mundibwereke."

"Zayambika," anatero mayi Manesi akutulukira ndi mbale ya phala. "Ufulu wabwerawu ndi umenewu, namfedwa kukangana ndi alamu ake pabwalo. Bwera naye kuno mwanayo."

Anatambasula dzanja kulunjika pa pulasitala. Faines anabwerera m'mbuyo, n'kuphimba nkhope ya mwana ndi chikhatho.

"Mayi, mwandilera ndinu, sindinakuyankhenipo chibadwire. Koma mukagwira kapaipi aka ndikulumani."

Ngakhale amuna amene ankasewera bawo pansi pa mtengo anasiya.

"Ndipatseni mpata kamodzi kokha," Faines anapitiriza. "Ndimudyetse monga ankachitira bambo ake. Akasanzanso, alamu mundikweze pa njingayo mpaka ku Mtengowanthenga, ndi tsitsi langa lomweli. Koma phala la pachikhatho ayi."

Benjamini anayang'ana mwanayo kwa nthawi yoyamba chifikire. Khosi lofooka, maso olowa, mphumi ngati ya Lazaro ndendende. Anatukwana chapansipansi n'kumasula mpira.

Anauika mpando pakhonde, ndipo miyendo yake inaboola dothi lozira kumene n'kulowa m'timaenje timene inakumba chaka chonsecho. Faines anadikira kaye kuti m'mimba mwa mwana mukhazikike. Kenako anakhala, kumutsamiritsa Elube pachifuwa mutu uli m'mwamba, kukoleka sirinji pamsomali, n'kuthira theka lokha la muyeso. Mkaka unayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka munthu kupsa mtima.

"Tifika madzulo," anadandaula mayi Manesi, koma mbale ya phala anali ataiika pansi.

Mkaka utatha, Faines anatsatiza timadzi towiritsa n'kutseka kapaipi. Elube anagwedezeka, kukhosi kwake kunamveka kulira. Aliyense anagwira mpweya. Mwanayo anageya, n'kutsamira.

"Basi, kamugoneke," anatero mayi Manesi.

"Ayi. Sankamugoneka."

"Ndiye ukhala choncho mpaka liti?"

Faines anayang'ana pansi, pamene chithunzithunzi cha nsanamira ya khonde chinagwera. Lazaro analibe wotchi. Tsiku lina anabwereka ya aphunzitsi, n'kukhala m'mawa wonse akulemba mizere pansi ndi msomali, kutsatira chithunzithunzicho. Koma tsopano pansi panali posalala see. Dzulo amayi a m'mudzi anazira nyumba yonse ndi khonde lomwe, monga amachitira pochotsa fumbi la maliro, ndipo anazira bwino kwambiri.

"Alamu, palani apo. Pafupi ndi phazi lanulo. Pali mizere pansi pa dothilo."

Benjamini, mwamuna wa imvi zake, anagwada n'kuyamba kupala ndi chikhadabo. Dothi latsopano linasendeka. Unaoneka mzere woyamba, pomwe chithunzithunzi chinali chitangodutsa. Patsogolo pake, kutalika kwa chikhatho, unaoneka wachiwiri. Anapitiriza kupala, n'kupeza wachitatu, wozama kuposa inayo.

"Itatu," anatero. "Woyambawu ndi poyambira, ndamva. Nanga iwiriyi?"

Faines anayang'ana mzere wachitatuwo. Lamulungu lililonse ankakangana ndi Lazaro pa mzere umenewo, iye atavala kale, belu la tchalitchi likulira, mwamuna ali phee pampando.

"Wachiwiriwo ndi wa Sisitere," anatero Faines. "Chithunzithunzi chikafika pamenepo, mwana akhoza kugona. Wachitatuwo ankati ndi wake."

"Wake wa chiyani?"

"Ankati Sisitere anawerengera mimba yokha, mtima wa mwana sanauwerengere."

Benjamini sanadzuke. Anakhala pansi pomwepo, buluku lake la maliro lili m'dothi, maso pa chithunzithunzi. Chinkayenda mwaulesi ngati nkhono. Amuna a bawo anayambiranso masewera awo mwakachetechete. Mayi Manesi anatenga mbale ya phala n'kupatsa ana a eni ake amene ankayang'anira kumpanda.

Patapita nthawi Faines anamva kufunda pamwendo. Thewera linali litanyowa. Sanaganizepo kuti tsiku lina adzalira ndi chimwemwe chifukwa cha mkodzo, koma analira, ndipo sanabise.

Chithunzithunzi chinakhudza mzere wachiwiri. Elube anali asanasanze. Anali mtulo, kadzanja kake katagwira kolala ya bulauzi ya amayi ake pamalo pomwe kankagwira shati ya bambo ake.

"Chafika," anatero mayi Manesi motsitsa mawu. "Bwera naye ndikamugoneke, upume. Mutu ndiuika pamwamba, ndaona."

Faines anapukusa mutu. Benjamini anafufuta dothi lotsala pa mzere wachitatu ndi chala chake kuti uoneke bwino, ndipo onse anakhalabe pomwepo kudikira.