Mayina Atatu m'Kaundula

Foni itangolira, Tinenenji anangoiyang'ana osaiyankha. Nambala ya ku Ireland ija, kachinayi tsopano, iye ali m'basi ya mumzinda wa Leeds kuchokera ku ntchito yake ya unesi. Ankaidziwa bwino. Anali a Gertrude, ahedi a kasukulu kakumudzi komwe ana ake atatu anaphunzira zaka zinayi.

Kasukulu kake kotani! Zipinda ziwiri, aphunzitsi awiri, nkhosa zikusuzumira pampanda. Tinenenji pofika kumeneko kanali katatsala pang'ono kufa, ana asanu ndi atatu basi. Atatu akewo ndi amene anakadzutsa. Mphunzitsi wachiwiri yemwe ankati achotsedwa anakhala, makolo anakonza denga, parishi inapatsa Tinenenji nyumba pafupi ndi geti.

Ndiye mu Juni a Gertrude anamufunsa ngati ana adzabweranso holide ikatha. Kalata ya ntchito ya ku Leeds inali kale m'chikwama. Koma munthu wamkulu, imvi mbuu, wakuchitira zabwino zokhazokha, ungamukanire pamaso? Tinenenji anangoti, "Tiona, Mulungu akalola." Kwathu aliyense akanadziwa kuti nkhani yathera pomwepo. A Gertrude anamva kuti eya. Tinenenji ananyamula masutukesi ngati wopita kokacheza, kiyi n'kuibisa pansi pa mphika wa maluwa. Sukulu itatsegulira, mantha omwewo anamulembetsa bodza loti achedwa pang'ono.

Foni inasiya kulira, kenaka kunalowa uthenga. Lolemba boma liwerenga ana m'kaundula. Akapanda kukwana, mphunzitsi wachiwiri apita, ndipo makolo otsala asamutsira ana awo kutauni. Tinenenji anauwerenga mobwerezabwereza, mpaka anapitirira siteji yake.

Kunyumba Ufulu, mwana wake woyamba, anamulanda foni n'kuwerenga.

"Mum, you never told her?"

"Iwe, ndine mnzako ine?"

Foni inaliranso. Ufulu anaidina yekha n'kuiika m'manja mwa amayi ake. Kothawira kunalibenso.

"Mwanawe, muli panjira?" anafunsa a Gertrude. "Mayina awo sindinafufute."

"Sitibwera, amayi. Tinasamuka mu Julaye. Ndinkaopa kukuuzani."

Pafonipo Tinenenji ankamva timipando tikukhwekhwerezedwa, mwana wina akutsokomola.

"Bwenzi utandiuza mu Juni," anatero a Gertrude pang'onopang'ono, popanda ukali, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri. "Mu Ogasiti kunabwera banja la ana anayi, likufuna nyumba ija. Ndinalibweza ndine. Ndinati eni ake akubwera."

Tinenenji anakhala pansi, yunifolomu ili m'thupi.

"Kiyi unasiya pati?" anafunsa a Gertrude.