Chitsulo cha Kuseri kwa Nyumba ya Alamu

Ku ofesi ankamutchula kuti Namapu, chifukwa ntchito yake inali yoyang'ana mapu pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Mapuwo ankachokera ku setilaiti yomwe imadutsa kumwamba n'kuponya mafunde a rada pansi. Mafundewo akagunda nthaka amabwerera, ndipo poyerekeza ulendo uno ndi wapitawo, munthu amadziwa ngati malo akwera kapena atsika, ngakhale ndi kachikhadabo kokha.

Kuti muyeso uzikhala wodalirika, ofesi inkaika m'malo osiyanasiyana zitsulo zangodya zitatu, zomangirira pa simenti, zomwe zimabweza bwino mafundewo. Chimodzi Namapu anakachiika kuseri kwa nyumba ya alamu ake, akulu awo a mwamuna wake, poganiza kuti pachibale palibe angachibe. Alamuwo anali ndi malo otsukira magalimoto pafupi ndi geti, ndipo anavomera monyinyirika.

Patapita miyezi, dera lonselo linali phee pa mapu, koma kadontho ka kwa alamu kokha kankangokwera. Mnzake wa pa desiki yoyandikana anati nthaka situpa nyumba imodzi ngati chithupsa, pali wina akuseweretsa chitsulocho. Ananena akuseka, koma anafunsanso kuti paja mwini nyumbayo ndi ndani wake.

Mawuwo anamukhala Namapu pamtima. Anakumbukira majeke onyamulira magalimoto ali mbwee pabwalo paja. Anakumbukiranso kuti alamuwo, tsiku la ukwati wake, anauza anthu kuti mng'ono wawo wakwatira kompyuta. Munthu wotero akanalephera bwanji kumuchititsa manyazi kuntchito? Atauza mwamuna wake, iye anangoti makina nawonso amalakwitsa, n'kuyamba nkhani ya mpira.

Loweruka masana anapita osauza munthu. Anazungulira kuseri n'kugwada pachitsulo paja. Penti yomwe anapaka pa mabawuti inali yosasweka, simenti yosagumuka. Palibe anachikhudza. Podzuka anapeza alamu aima kumbuyo kwake, chinsanza chonyowa chili paphewa.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu, alamu?" anafunsa iwo.

Namapu anati sakumva. Apo alamu anakhuthula zonse. Chibwerereni chitsulocho zitseko sizitsekeka, khoma lang'aluka. Aneba ena akuti chikukokera nyumba kumwamba, ena akuti chimamvetsera zokamba za m'nyumba. Alamuwo maganizo awo anali akuti ofesi ikufuna chifukwa chogwetsera nyumba za m'deralo, ndipo yatuma wachibale kuti anthu asadzidzimuke.

Akazi awo anatuluka n'kumugwira Namapu dzanja, kumulowetsa m'nyumba. Anakankha kabati ya mbale n'kumuonetsa mng'alu wolowa chala. M'khonde lopita kuzipinda simenti inali itatukumuka, moti botolo ataliika pansi linagubuduzika lokha mpaka kukhitchini. Chitseko cha kuchipinda kalipentala anali atachidula kale kunsi, koma chinkakhulabe.

Choncho setilaiti sinaname. Namapu anatulukanso n'kuyenda motsatira khoma. Nthaka ya pamenepo inali ya makande, yomwe ikamwa madzi imafufuma. Kunali chilimwe, kwa aneba nthaka ili ming'alu yokhayokha, koma m'mbali mwa nyumbayi udzu unali wobiriwira, ndipo chidendene cha nsapato yake chinatitimira.

Anafunsa ngati pali paipi yodutsa pamenepo. Alamu anayankha asanamalize n'komwe, kuti paipi yawo ili kutsogolo, mita ya madzi ili pa geti, aliyense akhoza kuiona. Akazi awo ankangoyang'ana zala za kumapazi. Namapu anati ndiye aitane a zamadzi adzafufuze, chifukwa zikapitirira khoma ligwera ana.

"Za pabanja tithana nazo tokha," anatero alamu, akutulutsa foni. Anapita pakona n'kuyankhula motsitsa mawu.

Posakhalitsa mwamuna wa Namapu anatulukira, piki ili m'buti ya galimoto. Sanafunse mkazi wake kuti akutani kumeneko, sanafunsenso kuti vuto n'chiyani. Anavula shati, kulunjika pakona ya mpanda pomwe panali milu ya matayala akale, n'kuyamba kukumba. Dzenje lisanafike m'mawondo, matope anayamba kuphulika. Munali paipi yakuda yapulasitiki, yolumikiza ndi malamba a chubu, yochokera kumsewu wakuseri osadzera pa mita, yodutsa pansi pa nyumba kupita kotsukira magalimoto. Polumikiza paja madzi ankatuluka ngati kasupe.

Alamu anati imeneyo iyenera kuti inaikidwa ndi mwini nyumba wakale. Abale awiriwo anaidula paipiyo n'kuitseka, ndipo Namapu anawauza kuti lipoti lake alemba zomwe waona, kuti nthaka yatupa ndi madzi otayika pansi pa nyumba. Za mita akafotokoze okha kwa eni ake madziwo asanafunsidwe. Alamu sanamuperekeze pa geti.

Ali m'galimoto, anamufunsa mwamuna wake kuti anadziwa bwanji pokumba.

"Mwayi chabe, mayi," anayankha iye, maso ali pamsewu.

"Nanga piki munaitenga mwamwayinso?"

Mwamunayo anakweza wailesi. Namapu anaitsitsa, n'kumuuza kuti akafika kunyumba asavule nsapato zamatopezo, akayambe wamuonetsa pomwe padutsa paipi ya nyumba yawoyo.