Kapepala ka Lolemba

Sydney Chulu anali woperekeza alendo oona nyama pa loji ina ya ku Chinzombo, ndipo, monga amuna ambiri ovala akabudula a khaki, ankakhulupirira kwambiri mapepala. Laisensi ya galimoto, chiphaso choyendera ndi azungu m'thengo, chitupa cha dziko, zonsezi anazikutitsa ndi pulasitiki ku Mfuwe. M'maganizo mwake, chinthu chimene sichinyowa sichingathenso ntchito.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, msasa wa m'thengo unatsekedwa. Loweruka antchito anachita phwando lotsanzikana, ndipo Sydney anatsanzikana mopitirira muyezo ndi mayi wina wochapa zovala za alendo. Lolemba m'mawa, asanapite kwawo ku Nsefu, anadzera ku kiliniki kukayezetsa magazi. Namwino, a Chisha Mwewa, amene boma linawatumiza kuno kuchokera ku Luapula, anamufunsa ngati posachedwapa anagona ndi munthu popanda kondomu.

"Ine, Sisita? Miyezi sikisi yonseyi ndakhala ndi njovu zokhazokha."

Anamubaya pachala, ndipo pa kachipangizo koyezera panatuluka mzere umodzi. Pofika masana kapepala konena kuti HIV sinapezeke kanali kale m'pulasitiki.

Koma mbiri m'chigwa cha Luangwa muno imayenda panjinga, ndipo ya phwando lija inafika ku Nsefu mwini wake asanafike. Mkazi wake Tabeth, amene anali kuyamwitsa Delia, mwana wa miyezi inayi, anamulandira mwaulemu, namuphikira nsomba, namuyalira mphasa pabalaza. Sydney anapirira sabata imodzi, kenako anaitana nkhoswe, a Josiah, amalume ake a Tabeth.

A Josiah anavala magalasi, nakweza kapepalako padzuwa ngati akufuna kuona mkati mwa dzira.

"Ichi ndi chidindo cha boma," anatero. "Mwana wanga, boma lanena kuti mwamuna wako ali bwino. Kodi iwe waposa boma?"

"Chidindo sindikuchikana, amalume. Ndikufunsa tsiku. Phwando linali Loweruka, pepala ndi la Lolemba. Kodi thonje lodzala Loweruka mumaliona litamera Lolemba?"

"Amake Delia, magazi a munthu ukuwayerekeza ndi thonje?" anatero Sydney.

"Kusikelo anatiphunzitsa."

"Kusikelo amayeza makanda, osati amuna akuluakulu!"

Popeza onse anali kudalira boma, anagwirizana zokafunsa boma lenilenilo. M'mawa mwake onse atatu anakankha njinga m'matope mpaka ku kiliniki, Tabeth atabereka mwana, Sydney ali patsogolo ngati akutsogolera alendo kukaona mikango.

"Mwaswera bwanji, abale a njovu?" anatero a Mwewa, amene sankaiwala nkhope. Tabeth atafotokoza za Loweruka lija, namwinoyo anavula magalasi ake, nayang'ana Sydney nthawi yaitali.

"Kachipangizo kathu sikaona kachilombo kenikeniko. Kamaona asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatenga nthawi, ena milungu ingapo, ena mpaka miyezi itatu. Pepala lanuli likunena za Ogasiti ndi m'mbuyo mwake. Za Loweruka silikudziwa kanthu."

"Ndiye munandibayiranji?"

"Ndinakufunsani funso. Mukanayankha zoona, ndikanakupatsani mankhwala oteteza, amene munthu amayamba kumwa masiku atatu asanathe. Lolemba lija nthawi inalipo. Inu munasankha kundiuza za njovu."

Sydney anayang'ana chithunzi cha udzudzu chimene chinali pakhoma. A Josiah anatsokomola.

"Koma chidindocho, Sisita..."

"Ndinadinda ndine, atate. Ndingadindenso pa tsamba la mango mutafuna."

Ndipo a Mwewa anapitiriza kunena kuti mwina Sydney alibe kanthu, mwinanso ali nako; palibe amene angadziwe kufikira atayezetsanso, komaliza mu Febuluwale. Koma mayi woyamwitsa akatenga kachilomboka kumene, mwana amakhala pangozi yaikulu yotengera kudzera mu mkaka. Atatero anatulutsa bokosi la makondomu, naliika patebulo.

A Josiah anabwerera m'mbuyo ngati aona mphiri. "Zimenezi m'nyumba ya ukwati wa mumpingo? Anthu akamva adzati chiyani?"

"Anthu anamva kale za Loweruka, amalume," anatero Tabeth, "ndipo palibe amene anakomoka. Amene akuyamwa apa ndi mdzukulu wanu."

"Febuluwale ndi kutali, amake Delia," anadandaula Sydney. "Komanso nthawi imeneyo msewu wa ku Nsefu umakhala mtsinje. Ndidzafika bwanji kuno?"

"Inu amene mumawolotsa azungu pa Luangwa pakati pa ng'ona? Mudzafika," anatero Tabeth.

Anatenga bokosilo, nalikulunga m'chitenje, nakonza mwana kumsana. Kenako anapempha a Mwewa kuti alembe tsikulo pa khadi la sikelo la Delia, limene amasunga yekha.

"Pakati pa mphasa ya pabalaza ndi bokosi ili musankha nokha, atate ake Delia. Koma tsikulo tidzabwera tonse, ndipo Sisita akadzafunsa mafunso, ndidzayankha ndine."